Kondakitala Amene Anatseka Pakamwa ku Kairo

Mlamu wanga Khojali anali munthu wa pakamwa. Kwathu ku Omdurman anagwira ukondakitala kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitatuluka, ndipo akayamba kuitanira anthu pa siteji ya kumsika, ngakhale nkhalamba zogontha zinkayamba kufunafuna nsapato. Malemu mwamuna wanga, yemwe anali mkulu wake, ankati Khojali anabadwa akukangana ndi azamba. Ndiye taganizani, munthu wotereyu ndi amene ine ndinamukhazika pansi tsiku lomwe anafika kuno ku Kairo, n'kumuuza kuti kuyambira lero akamatuluka, pakamwa azisiya m'nyumba.

Inawathamangitsa ndi nkhondo, iye ndi mkazi wake Mahasin. Analowera kuchipululu pa galimoto ya ozembetsa anthu, m'mapasipoti mwawo mulibe chidindo cha wina aliyense. Ana awo anabalalika, wina tinamva kuti ali ku Chad, winayo mpaka lero zii. Ine dzina langa ndine Nafisa, kuno ndinabwera kalekale, ndimagulitsa lubani ndi kujambula akwati m'manja ndi hina, utoto wathu wokongoletsera. Chipinda changa chili pamwamba penipeni pa nyumba yosanjikizana m'kanjira kena ku Faisal, ndipo chikepe cha m'nyumbamo chinafa ine ndisanasamukiremo. Ndinawayalira m'chipinda momwemo, chinsalu chotchinga pakati.

Mahasin anafika impso zitasiya kale ntchito. Tinamupezera malo pa kachipatala kena ka anthu achifundo, komwe makina amamutsuka magazi masiku angapo pa sabata. Akaphonya kamodzi, miyendo imatupa. Akaphonya kawiri, mpweya umayamba kubanika, ndipo adokotala anatiuza mosabisa kuti kachitatu sitidzafunikanso kubwera. Masitepe athu sakanatha kuwatsika yekha, ndiye Khojali ankamubereka kumsana, kutsika naye, madzulo kukwera nayenso. Ine mawondo anga anatha, thumba la anyezi lokha ndimapuma nalo panjira. Zinali zoonekeratu kwa tonse atatu kuti Khojali akangosowa, Mahasin adzafera pamwamba pomwepo.

Ndipo chaka chimenecho anthu ankasowa ndithu. Aboma anali atayamba kutola akwathu opanda ziphaso, m'misewu, m'malo omwera tiyi, makamaka m'maminibasi, n'kuwabwezera kumalire. Khojali anakalembetsa kwa opereka ziphaso, koma tsiku lomwe anamupatsa linali la chaka chinacho. Ndinamuuza kuti khungu lathu palokha silitigwiritsa, pakuti anthu a ku Aswan ndi akuda ngati ife tomwe ndipo ndi eni dziko. Chomwe chimatigwiritsa ndi lilime. Mwiguputo akangomva mawu awiri okha, wadziwa kale kwanu. Ndinamuvula mkanjo wake woyera ndi nduwira, ndinamugulira mkanjo wotuwa wa kuno. Mahasin ndinamupindira thobu yake ya maluwa, nsalu yomwe ife akazi a kwathu timafunda, n'kumuveka yakuda. Analira, koma anavala.

"Alamu, fisi akagwa m'mbuna sayankhula," ndinamuuza choncho. "Mukalowa m'minibasi ndinu wosalankhula."

Zokodola minibasi anazigwira msanga, chifukwa sizifuna pakamwa. Umangoima m'mphepete mwa msewu n'kuonetsa ndi dzanja komwe ukupita, dalaivala akaona kuti n'komweko amachepetsa liwiro, iwe n'kudziponyamo. Chomwe chinamunyansa n'choti minibasi za kuno zilibe kondakitala. Ndalama anthu amangopatsirana kuchokera kumbuyo mpaka zikafike kwa dalaivala, iye akuyendetsa ndi dzanja limodzi, fodya ali pakamwa. Madzulo Khojali akabwera ankatulutsa mawu onse omwe anawasunga tsiku lonse, akuti galimoto yopanda kondakitala ndi mudzi wopanda mwini, akuti anthu awa amakhala ngati matumba a makala, akuti akanamupatsa mwezi umodzi wokha akanawaphunzitsa ntchito. Ine ndinkamuuza kuti atsitse mawu, makoma a nyumba ino ndi opyapyala ngati kisira, chikondamoyo chathu chija. Mahasin ankangoseka ali chigonere.

Vuto linali potsika. Kuno ukafuna kutsika umakuwa kuti dalaivala aime pambali, ndipo Khojali kukuwako ndiye sakanatha. Ankatsika pomwe munthu wina watsikira. Mwayi ukamugwera, wina ankatsika pafupi ndi kanjira kathu. Ukapanda kumugwera, ankangoyang'ana kanjira kathu kakudutsa pawindo, minibasi n'kumupititsa kutali, kenako n'kubwerera wapansi, mkazi ali kumsana, dzuwa lili pamutu. Masiku opanda makina ankanyamula matumba a ufa kwa munthu wina wa kwathu wophika buledi, ndipo njira yake inali yomweyo. Miyezi inadutsa akuyenda choncho osatulutsa liwu, ndipo ine ndinayamba kuganiza kuti mwina tipulumuka.

Chinamugwetsa ndi ntchito yake yakale. Kwathu munthu akafuna kutsika sakuwa ayi, amangoliza zala, ndipo kondakitala akamva amachita kuti tsss, tsss ndi mano, dalaivala n'kuima. Tsiku lina akuchokera ku makina, m'minibasi munali gogo wina wamwamuna, wongofika kumene, nduwira yake ili mbuu kumutu. Atafika pake, gogoyo analiza zala. Palibe anatembenuka. Analizanso, minibasi ikungothamanga, nkhope yake yayamba kuchita mantha. Khojali akuti sanaganize n'komwe. Mano ake anangochita okha kuti tsss, tsss, mokweza, monga ankachitira zaka zonse zija.

Minibasi inaima nthawi yomweyo. N'chimene chinamuopsa, chifukwa dalaivala wa kuno sayenera kudziwa tanthauzo la kaphokoso kameneko. Gogo uja anatsika. Khojali atadzutsa mutu anapeza maso a dalaivala ali pa iye m'galasi, ndipo sanachokepo msanga. Tsiku limenelo atafika kunyumba chakudya sanakhudze. Zonsezi anandiuza ndi Mahasin.

Dalaivalayo dzina lake Shehata, anthu amamutchula kuti Usta Shehata monga timatchulira madalaivala onse. Ndi bambo wamkulu thupi, wa ndevu za pamlomo zothimbirira ndi fodya, wosakonda kuseka. Tsiku la makina lotsatira, Khojali ataima pamsewu ndi mkazi wake, minibasi ya Shehata inaima patsogolo pawo asanakweze n'komwe dzanja. Mpando wakutsogolo unali wopanda munthu, pomwe kumbuyo anthu anali atapanikizana. Shehata anatsegula chitseko n'kunena kuti amayi odwalawo akhale kutsogolo. Pobwerera zinachitikanso chimodzimodzi, ndipo atafika pa kanjira kathu anaima yekha, popanda womuuza. Ndalama anakana.

Abale, ine nditamva zimenezo ndinayamba kudzifunsa. Kanjira kathu anakadziwa bwanji, poti Khojali nthawi zambiri ankatsikira kwina? Ndakhala mumzinda uno nthawi yokwanira kudziwa kuti madalaivala ambiri mapepala a galimoto zawo ndi osalongosoka, ndipo ena amayendabe pamsewu chifukwa amabwereketsa makutu awo kwa aboma. Si onse, koma alipo. Ndinavala nsapato n'kutsika masitepe aja, ndikutukwana sitepe iliyonse, mpaka ku siteji.

Ndinamupeza atakhala pa benchi akumwa tiyi ndi munthu wina wa jekete lachikopa, nsapato zake zopanda fumbi. Pa siteji ya minibasi munthu wa nsapato zopanda fumbi amakhala kuti sanabwere kudzakwera. Munthuyo atandiona ananyamuka mosapupuluma n'kumapita. Shehata anandipatsa moni ponditchula dzina, Hajja Nafisa, monga amalemekezera amayi akuluakulu kuno, pomwe ine ndinali ndisanalankhulepo naye chibadwire. Anaitanitsa tiyi wanga. Ndinamuuza kuti tiyi ndamwa kwathu, ndabwera kudzafunsa kuti mlamu wanga wamulakwira chiyani kuti azimusungira mpando ngati mkwati.

Iye anati ali mnyamata ankayendetsa malole kupita ku Halfa mpaka ku Khartoum, ndipo tsiku lina lole itafa m'chipululu anthu akwathu anamusunga, anamudyetsa, osamufunsa kanthu. Anati anadya mchere wathu ndipo sanaiwale. Nkhani yake inali yokoma, ndipo mwina inali yoona. Ndinamuuza kuti mchere wa kwathu anaudya ambiri, ena mwa iwo ndi omwe akutiwotchera nyumba lero.

"Pakamwa panu m'poopsa, Hajja," anatero, osakwiya. "Kauzeni alamu anuwo mawu awa. Wokwera minibasi yanga sagwidwa."

"Nanga wokwera ya wina?"

Anangotambasula manja n'kuyang'ana kumwamba.

Kunyumba tinakangana mpaka tiyi anazizira. Mahasin anati ife tazolowera nkhanza mpaka chifundo chikutiopsa. Anati mpando wakutsogolo ndi wokhawo umene sumupweteka msana, ndipo kuyambira pomwe anafika m'dziko lino munthu uyu ndi woyamba kumutchula kuti amayi. Ine ndinati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, komabe ndinavomera kuti nyererezo sindinazione ndi maso. Kenako Khojali anayankhula.

"Ine ndakulira m'galimoto," anatero pomaliza. "Palibe dalaivala amene amayenda ndi mpando wopanda munthu mwaulere. Ukaona ausunga, dziwa kuti alipo amene akuulipira."

Anagamula yekha. Masiku a makina azikwera ya Shehata chifukwa cha Mahasin, poti kukana pamaso pake kukanakhala kuputa mavu. Koma masiku a ntchito azidzera kuseri, kudutsa kumsika wa masamba, n'kukakwerera pa msewu wina komwe palibe womudziwa. Anati sakufuna munthu mmodzi azidziwa mayendedwe ake onse.

Shehata anazindikira msanga. Tsiku lina la makina anafunsa, maso ali pamsewu, kuti kodi ntchito ya ufa ija yatha. Khojali anali asanamuuzepo za ufa. Tsiku linanso Khojali akuyenda wapansi cha kumsika wa masamba, komwe minibasi sizidutsa n'komwe, anamva galimoto ikumutsatira pang'onopang'ono kumbuyo. Inali ya Shehata, yopanda anthu. Sanaimbe hutala, sanamuitane, anangomuyang'ana n'kudutsa. Kuyambira pamenepo Khojali anayamba kudzuka ndi maso ofiira, ndipo zonyoza minibasi za kuno zija zinatheratu. Ndinkamumva kuseri kwa chinsalu akumuuza Mahasin komwe anaika mankhwala, ndi dzina la namwino wabwino uja, ngati munthu amene akutsazika.

Linali tsiku wamba, masana, ine ndikusakaniza hina. Nthawi yobwerera Khojali inakwana, inapitirira. Kenako foni inalira, anali mkazi wa wophika buledi uja. Anati minibasi yomwe Khojali anakwera apolisi anaiimitsa pansi pa mlatho. Sanafunse aliyense chiphaso poyamba. Ankangoloza munthu wakuda aliyense n'kumuuza kuti atchule dzina la bambo ake ndi mudzi wa kwawo. Khojali akuti analoza pakamwa pake kusonyeza kuti salankhula, ndiye mmodzi wa iwo anamuponda phazi ndi jombo mpaka anakuwa. Anamukweza m'galimoto yotseka pamodzi ndi anzake ena.

Mahasin sanalire. Anangofunsa kuti mawa ndi tsiku lanji, ngakhale ankadziwa kuti ndi la makina.

Ndinagogoda zitseko zonse za akwathu m'nyumba muno, pakuti tilimo mabanja angapo. Anyamata amphamvu alimo, koma onse opanda ziphaso, ndipo atamva za Khojali palibe analimba mtima kuponda msewu. Amayi awo anaima pakhomo n'kundiuza kuti ndiwakhululukire. Sindinawatukwane, ngakhale mawu anali atafika kale pakhosi. Mlonda wa pachipata anati msana wake ndi wodwala. A galimoto ya odwala anayamba ndi kufunsa mapepala, ine n'kudula foni. Pomaliza ndinamanga nsalu m'chiuno n'kumuuza Mahasin kuti akwere. Tinatsika masitepe owerengeka, mawondo anga n'kupinda, tonse awiri tinagwera pakhoma. Tinabwerera m'chipinda chokwawa, ndipo tsiku limenelo linapita.

Pofika tsiku la makina linalo, miyendo ya Mahasin inali ngati mitsamiro. Sankathanso kugona chagada, ankangokhala tsonga, akupuma ngati wathamanga. Ine ndinakhala pambali pake ndikumupukuta nkhope, mantha atandigwira kuposa tsiku lomwe ndinaika mwamuna wanga m'manda. Dzuwa litakwera tinamva mapazi olemera pa masitepe. Ankakwera mosathamanga, osaima pa chitseko chilichonse, mpaka anafika pa chathu. Anagogoda mwaulemu.

"Hajja Nafisa, ndine Shehata. Ndabwera kudzatenga amayi."

Palibe anamuuzapo kuti tikukhala pa nsanjika iti. Ndinaima pakati pa chipinda ndipo ndinamunong'oneza Mahasin kuti tikhale chete, aganiza kuti tachoka. Iye anandiyang'ana ndi maso otupa aja.

"Achemwali, tsegulani," anatero. "Ine ndikufuna kukhala moyo."

Ndinatsegula. Shehata anavula nsapato pakhomo, anapereka moni, anati wamva za bambo a m'nyumba muno ndipo zamukhudza. Anati anawachenjeza kuti wosagwidwa ndi wokwera minibasi yake yekha. Ndinamufunsa kuti wamva kwa yani, iye anati pa siteji palibe chobisika. Kenako anagwada, msana wake waukuluwo kuloza kwa Mahasin, ndipo ine ndemwe ndinamuthandiza Mahasin kukwera pamsana pa munthu amene mwina ndiye anagulitsa mwamuna wake.

Anatsika naye mosamala, kuposa mmene Khojali ankachitira, ine ndikutsatira pambuyo nditagwira khoma. M'nyumba monse munali zii, wailesi zonse zitazimitsidwa, koma ndinkadziwa kuti kuseri kwa zitseko kuli makutu. Titafika pakati, pa malo okhotera, Shehata anaima ngati akupuma. Sanali wotopa, mpweya wake unali bwinobwino. Analankhula motsitsa, mwaubwenzi, nkhope atatembenuzira pang'ono kwa Mahasin.

"Amayi, akwanu m'nyumba muno ali zitseko ziti? Ndifunse kuti ndiziwadziwa, mwina tsiku lina angafune thandizo."

Ndinati tiyeni, nthawi ya makina ikutha. Sanasunthe, ndipo ine sanandiyang'ane n'komwe. Anangoima pomwepo, phazi limodzi lili pa sitepe ya m'munsi, akudikira. Ndinkamva mpweya wa Mahasin ukulira m'chifuwa ngati ketulo. Ndinaona dzanja lake likuchoka paphewa la Shehata pang'onopang'ono. Analoza chitseko cha kumanzere, kenako analoza m'munsi, n'kutchula dzina la banja la kumeneko.

"Mulungu akupatseni moyo, amayi," anatero Shehata, n'kuyambanso kutsika.

Sindinamudzudzule Mahasin, ndipo amene akufuna kumudzudzula ayambe wabanika kaye mpweya. Khojali anatiimbira patapita masabata, ali ku Halfa, mbali ya kwathu, akufunafuna njira yobwereranso. Anafunsa kuti akumunyamula ndani mkazi wake. Nditamuuza anati tisamukane munthuyo, zivute zitani, mpaka iye atafika. Sanafikebe.

Ngati Shehata ndiye anamupereka, ine sindikudziwa, ndipo ndatopa n'kudzifunsa. Chomwe ndikudziwa n'choti Mahasin ali moyo, miyendo inaphwa, dzulo wadya nyemba mbale yonse. Shehata sanaphonyepo tsiku ngakhale limodzi. Ulendo uliwonse amaima pa malo okhotera aja n'kufunsa kanthu kamodzi, kakang'ono, mwaulemu: mnyamata wa chitseko chakuti amagwira ntchito kuti, mlendo anabwera Lachisanu uja ndi ndani. Mwezi wathawu mwana wamwamuna wa banja la kumanzere lija anapita kuntchito osabwerako. Mwina zinangochitika, poti anthu akutoledwa paliponse. Amayi ake tikakumana pa masitepe amandipatsabe moni, chifukwa sakudziwa.

Mawa ndi tsiku la makina. Mahasin wandifunsa kuti m'nyumba muno mwatsala ndani amene sanamutchulebe.